Achimwene ndi Chigafa Chawo Choopsezera Anthu

Achimwene anga amene ine ndinawaponda pamutu anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu pa Kamwendo, kuseri kwa magolosale. Inali ya njerwa zosawotcha, mabenchi ake a matabwa a bulugamu, ndipo panja pankakhala bolodi lakuda lolembapo filimu ya tsikulo ndi choko. Ine makina anga osokera ndinkaika pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, choncho kwa zaka zambiri ndinasoka madiresi a sukulu ndi mayunifolomu a kwaya uku mfuti zikulira kuseri kwa khoma.

Mafilimu amene iwo ankawakonda kwambiri anali oopsa aja, a mizukwa ndi zitseko zotseguka zokha. Chodabwitsa n'chakuti eni akewo sankaonera. Akaika filimu ankakokera kampando kawo pambali pa TV, n'kukhala moyang'ana anthu. Ndinkawafunsa kuti kodi munthu amaonera filimu ndi nkhongo, iwo n'kumangoseka.

"Achemwali, mukanaona lero," anandiuza tsiku lina akutseka. "Chinthu chija chisanatulukire n'komwe, nyimbo itangosiya, anyamata a pa benchi lakutsogolo anali atagwirana kale manja. Chitatulukira anangopumira m'mwamba, ena mpaka kuseka. Chimene chimawapha ndi kudikira kuja."

Kenaka kunabwera mafoni aakulu aja, aliyense n'kumayenda ndi mafilimu ake m'thumba. Mabenchi anayamba kusowa anthu kupatula masiku a mpira, ndipo mpirawo utayamba kuonetsedwa m'mabala, achimwene anatseka. Anayesa kuoda zitenje ku Chipata, anayesa kukonza mawailesi, analimako soya m'munda wa malemu bambo athu. Zonsezo ankachita ndithu, ana sanagone ndi njala, koma ankazichita ngati munthu wotumidwa. Alamu anga, akazi awo, ankadandaula kuti bamboyu wasiya kuyankhula m'nyumba.

Chaka china bambo wina wopuma pantchito anatsegula malo osangalalirako ana m'mbali mwa msewu, kungotuluka pang'ono pamsika. Anaikapo akatungwe, chinyumba chopopedwa mpweya chimene ana amadumphamo, ndi chiwaya cha tchipisi. Kuseri kwa malowo kunali chigafa chachitali chotsalira nthawi imene pankalimidwa fodya, denga lake la udzu lidakali lolimba. Mwini malo ankafuna kuchigwetsa. Achimwene atamva anapita kukamupempha kuti achisiye kaye.

Madzulo ake anafika pakhonde panga ndi foni, n'kundionetsa kanema wa kumayiko akunja. Anthu ankalowa m'nyumba yamdima ya tinjira tokhotakhota, zinthu n'kumawatulukira m'makona, iwo n'kumakuwa, koma potuluka panja ankaseka mpaka kugwa pansi.

"Amachita kufola pamzere kuti akaopsezedwe," anatero achimwene. "Filimu umaionera uli chapatali. Apa umalowamo ndi miyendo yako. Ndikufuna ndimange yathu m'chigafa chija, inu musoke zovala."

"Achimwene, anthu a kuno mantha ali nawo kale okwanira. Mukufuna muwaonjezerenso ena?"

"Amene ali nawowo alibe khomo lotulukira," anandiyankha. "Angawa akhala nalo."

Ulendo woyamba zinakanika, ndipo zinakanika anthu akuona. Achimwene anangotengera zimene anaona m'mafilimu. Anandisoketsa chimkanjo chakuda, mkati mwake chofiira, mano aatali anachita kudula ku chigubu cha mafuta ophikira, ndipo maungu anawaboola maso ndi pakamwa n'kuikamo timatochi. Wovala chimkanjocho anali bambo wina wa kabaza, wamtali, mnzawo wa achimwene kuyambira ku pulayimale. Oyamba kulowa anali amayi ogulitsa tomato amene tinawaitana kuti adzayese. Ife tinaima panja kudikira mfuu. Chimene tinamva ndi mawu a mayi mmodzi akufunsa mokweza kuti ndani waononga maungu abwinobwino chonchi. Posakhalitsa wa kabaza uja anawatulukira, manja ali m'mwamba. Kenaka wina anati, "Aa, si a kabaza aja awa? Mapaziwa ndawadziwa. Bambo, mukamaliza zanuzi mukanditule ku Kapondo." Anatuluka onse atagwirana m'mapewa, akufa ndi phwete.

Achimwene sanaseke. Anathokoza amayiwo mmodzimmodzi, anawapatsa maungu aja kuti akaphike, n'kutseka chigafa.

Kwa nthawi ndithu sanachikhudzenso. Ankangoyendayenda, pa siteji ya minibasi, kuchigayo, pamjigo, kwa ometa tsitsi, mpaka m'midzi ya ku Kachebere, akufunsa aliyense kuti chimene chinamuopsapo kwambiri pamoyo wake n'chiyani. Ena anayamba kunong'ona kuti mutu wasokonekera. Koma anthu amakonda kufotokoza za mantha awo akale, ndipo madzulo achimwene ankabwera nazo nkhanizo pakhonde panga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula munthu wa mano aatali. Mayi wina anati n'kumva mapazi kumbuyo kwako m'kanjira ka m'munda wa chimanga chouma, iwe ukaima nawonso n'kuima. Mphunzitsi wina anati n'kuitanidwa dzina ndi mawu owadziwa, potuluka panja osapezapo munthu. Mlonda wa pa esiteti ina anaganiza nthawi yaitali, kenaka anati iye chimene sangapirire n'kulowa m'chipinda n'kupeza munthu atakhala pampando atakupatsa msana, osatembenuka.

Achimwene anasankhanso zoti asaike m'chigafamo. Munthu wina anawalangiza kuti angopeza zigoba za gule nkhani yonse ithere pomwepo. Achimwene anamudzudzula pomwepo kuti zimenezo zili ndi eni ake ndi mwambo wake, si zoseweretsa pa malo a tchipisi. Bokosi la maliro anakana, nyimbo za pamaliro anakana, manda anakana. Ankati kuno kulibe khomo limene silinaikepo munthu, ndipo iwo sakufuna kukanda anthu pachilonda.

Inali nthawi yoti fodya wapita kale ku okushoni, ndipo ziguduli zakutha zinali mbwee m'maesiteti. Achimwene anatolera zambiri, anadula nsungwi ku dimba la atsibweni athu, n'kugawa chigafa chonse kukhala tinjira topapatiza. Ine ndinasiya makina n'kugwira chisingano chosokera matumba, kulumikiza ziguduli mpaka zala zinachita matuza. Chiguduli chimodzi chimalowetsa kuwala, ndiye ankatiuza kuti tiziphatikiza ziwiriziwiri. Tikamaliza ankalowa mkati dzuwa lili paliwombo, n'kumakuwa ali momwemo kuti, "Kumanzere kwanu, achemwali, pali kabowo!" Kabowo kake kosalowa n'chala chomwe.

Kugwira nawo ntchito sikunali kophweka. Khoma loti tavutika nalo tsiku lonse ankatha kuligwetsa m'mawa mwake chifukwa aganiza kuti njirayo ikhotere kwina. Kudya ankaiwala, n'kuiwalanso kuti anzawo amadya. Tsiku lina alamu anaona kuti matiresi a alendo asowa m'nyumba. Anakawapeza m'chigafa atakwiriridwa ndi utuchi pakati pa kanjira, kuti munthu amene wakhala akuyenda polimba mwadzidzidzi aponde pofewa ngati waponda chamoyo. Mkangano wake unamveka mpaka kuchigayo. Koma alamu omwewo atapondapo okha anakuwa, n'kudzigwira pachifuwa, kenaka anati, "Asiyeni pomwepo. Alendo azigona pamphasa."

Chimene chinkandigometsa n'chakuti munalibe chinthu chodula m'menemo. Payipi yakale ya mthirira anaiyendetsa m'denga, kuti munthu akanong'ona mbali ina mawu ake azikatulukira pafupi ndi khutu la wodutsa mbali ina. Pa mikangala, timitengo topachikapo fodya tija, anakolekapo nsanza zonyowa zoti zizikukhudza kumaso mumdima. Anapeza chitsulo cha gudumu la thirakitala, chonga chimene amaimba m'maesiteti poitanira anthu kuntchito, n'kuchipachika kumapeto. Chilichonse ankachiyesa pathupi pawo. Ankayenda ataima, n'kubwereranso akuwerama kuti aone mmene munthu wamfupi azionera.

"Munthu ukamudzidzimutsa pafupipafupi amazolowera," ankatiuza. "Umupatse mpata apume, ayambe kudziona ngati wolimba mtima. Ukatero wamupeza."

Ntchito yanga yaikulu inali kusoka akalaliki. Achimwene anapeka nkhani yoti alamu aziuza anthu pakhomo asanalowe: kale pamalo ano panali esiteti, eni ake anachoka, koma akalaliki a pasikelo sanauzidwe, ndiye mpaka lero akudikirabe fodya. Ndinasoka majekete a khaki ofanana, ndi zipewa zake. Tinapanga zidole zazikulu ngati anthu, kuzidzaza udzu ndi nsanza, n'kuzikhazika pamipando zitapatsa msana kanjira. Pakati pa zidolezo pankakhala wa kabaza uja atavala chimodzimodzi, ulendo uno mapazi atabisidwa m'nsapato za jombo. Achimwene anamuletsa kudumpha, kukuwa kapena kukweza manja. Ntchito yake inali kukhala duu, munthu akafika pafupi n'kutembenuza mutu pang'onopang'ono. Bamboyo ankadandaula kuti kupalasa njinga atakweza thumba la feteleza n'kosavuta kusiyana ndi kukhala chete chonchi.

Zonse zitatha achimwene anandiuza kuti ndilowe ndekha ndiyese. Ndinawauza kuti akutaya nthawi, chifukwa palibe chinthu m'menemo chimene sichinadutse m'manja mwanga.

Ndinalowa ndikuseka. Chiguduli cha pakhomo chitangogwa kumbuyo kwanga, mdima unali wa ndiweyani, ndipo fungo la fodya wakale linandilowa pakhosi. Mbali zonse kunali mapesi ouma okanda m'mikono. Nditayenda pang'ono ndinamva mapazi kumbuyo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi achimwene akuyenda kuseri kwa khoma, koma nditaima, mapaziwo anapondanso kamodzi ndiye n'kuima. Kuponda kotsalirako n'kumene kunandichititsa tsemwe thupi lonse. Patali chitsulo chija chinalira mozizira. Nsanza yonyowa inandikhudza patsaya, ndipo pafupi ndi khutu langa wina anatchula dzina langa motsitsa mawu.

Pofika m'chipinda cha sikelo kuseka kunali kutatha kalekale. Munali kanyali kofiira ka batire, sikelo ikugwedera yokha pachingwe, akalaliki atakhala mondondozana. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikumudziwa wamoyoyo, chifukwa jekete lake ndinalisoka thumba lopendama. Ndinaliona kumapeto kwa mzere, ndipo ndinayenda maso ali pomwepo, ndikudzikhuza ku zidole zinazo kuti ndimutalikire. Ndiye chidole chimene chinali pachigongono pangapa chinatembenuza mutu. Anali atasinthanitsa majekete.

"Mayo ine!"

Sindikudziwa mmene ndinapezera njira. Patapata imodzi inatsala pa matiresi paja. Ndipo achimwene, mwa ukathyali wawo, khomo lotulukira analiloza dala kuchiwaya, choncho ndinatulukira ndi liwiro pakati pa anthu akudya tchipisi, duku lili m'khosi. Onse anaseka, inenso ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ndinamva thupi kupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Achimwene anatuluka atanyamula patapata yanga, nkhope ikuwala mmene ndinali ndisanaionere chitsekereni nyumba ya mafilimu ija.

Mbiri inawanda msanga. Masiku a msika ndi Loweruka pankakhala mzere: ana a sukulu za sekondale, anyamata ofuna kudzionetsa kwa zibwenzi zawo, amalonda ochokera tsidya la malire akuyankhula Chinyanja chawo, ndi matenanti a m'maesiteti amene anali atapuma ntchito ya fodya. Anyamata odzitama aja ndi amene kawirikawiri ankatuluka patsogolo, mtsikana n'kutuluka pambuyo akuyenda bwinobwino.

Tsiku lina kunabwera bambo wachikulire, tenanti wochokera ku Phalombe amene anakalambira m'maesiteti a kuno. Analowa ndi adzukulu ake akuluakulu. Adzukuluwo anatuluka akuthamanga, koma agogowo sanatuluke. Achimwene anali ndi kabowo kawo kosuzumirapo kuseri kwa chipinda cha sikelo, ndipo anandikodola kuti ndidzaone. Bamboyo anali ataima kumbuyo kwa akalaliki aja, chipewa atachivula n'kuchigwira pachifuwa. Anaima choncho kanthawi. Kenaka anachivalanso.

"Bwana kalaliki," anatero, "fodya wanga uja sanali wowola. Inunso munkadziwa kuti sanali wowola."

Anayankhula zina motsitsa zimene sitinamve. Wa kabaza sanatembenuze mutu ulendo umenewo. Anatiuza pambuyo pake kuti thukuta linkayenderera kumsana kwake, ndipo ankachita manyazi ngati walakwadi ndi iye. Agogowo atamaliza anatuluka pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

Achimwene anawatsatira n'kunjuta patsogolo pawo. "Agogo, pepani ngati takukumbutsani zowawa. Mukanena, chipinda chimenechi ndichichotsa lero lomwe."

"Muchichotserenji?" anatero agogowo. "Chisiyeni. Kungoti akalaliki anuwa alibe bolopeni kukhutu. Kalaliki wopanda bolopeni kukhutu munamuona kuti?"

M'mawa mwake ndinasokerera mabolopeni akutha ku zipewa zonse.

Vuto linabwera ndi kamtsikana kena kosayamba n'komwe sukulu. Ine ndi alamu tinali titawauza achimwene kuti ana aang'ono asamalowe, koma iwo ankati makolo amadziwa ana awo. Pamenepa analakwitsa. Kamwanako kanalowa ndi akulu ake, ndipo iwo atadzidzimuka anathawa n'kukasiya mkati. Wa kabaza anakapeza katanjuta pakona, katatseka maso ndi manja, kosalira n'komwe. Kunyumba kanasiya kuyankhula, tulo osagona, kakatseka maso n'kudzidzimuka. Mayi ake anauza anansi awo, anansi anauza ena, ndipo nkhaniyo pofika pamsika inali itamera nyanga. Ena ankati m'chigafamo amachotsa anthu magazi, ena ankati achimwene analowa zausatana ku Zambia, ndipo zidole zija ndi anthu enieni amene anawapusitsa ndi mankhwala.

Zinandigwera inenso, poti aliyense ankadziwa amene anasoka. Amayi anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ena osandiyang'ana kumaso. Kutchalitchi, benchi limene ndinakhalapo linali ndi malo ambiri kuposa masiku onse. Kenaka a mkulu wa mpingo wathu, bambo ofatsa amene anandidziwa ndili mwana, anafika pakhonde panga.

"Mayi, anthu akuyankhula," anatero atakhala pansi. "Ine sindinaone kanthu, ndiye sindinganene kanthu. Koma ndikafunsidwa ndiyankhe chiyani?"

Mwini malo naye anauza achimwene kuti atseke, chifukwa makolo anali atasiya kubweretsa ana ngakhale ku akatungwe.

Ndinapita kwa achimwene mtima uli m'mwamba, ndipo ndinawayankhula mawu ambiri. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanadziteteze, sananyoze anthu a mphekeserawo.

"Za magazi ndi zabodza," anatero. "Koma za mwanayo n'zoona, ndipo wolakwa ndine. Munandiuza."

Tsiku lotsatira anapita ndi alamu kwa makolo a mwana uja, anakakhala pansi pabwalo n'kupepesa. Pobwerera anapempha mwini malo kuti awalole kutsegula kamodzi kokha, tsiku la msika, makoma onse atakwezedwa m'mwamba kuti aliyense adzaone mkati dzuwa likuwala. Wa kabaza anatsutsa kwambiri.

"Aphiri anga," anatero, monga ankaitanirana mocheza, "mukaonetsa zonse, ndani adzaopenso? Ntchito yonse ija ithere pomwepa?"

"Ithere pomwepa," anatero achimwene. "Nsungwi sizinathe kudimba."

Tsikulo tinapinda ziguduli zonse m'mwamba, chigafa n'kukhala pambalambanda. Kunabwera anthu ambiri kuposa tsiku lina lililonse. Ena anaima patali, amayi ena atagwira mabuku a nyimbo. Achimwene anatsogolera a mkulu wa mpingo ndi akazi awo, komanso makolo a mwana uja, mwanayo ali kumsana kwa mayi ake. Anawaonetsa chingwe chogwedezera sikelo ndi munthu amene ankachikoka. Anafukula matiresi aja mu utuchi, alamu n'kunena mokweza kuti ndi awo ndipo akuwafunabe. Anaonetsa kanjira kobisika komwe iwo ankayendamo potsatira anthu, n'kuyendamo onse akuona, kuima, n'kupondanso kamodzi. Ine ndinkawayang'ana kumaso. Ankamwetulira, koma chinsinsi chilichonse chimene ankaulula ndinkadziwa masiku amene anachivutikira, ndipo ankaoneka ngati munthu amene akugwetsa yekha nkhokwe yake.

Atafika pa payipi anapempha a mkulu wa mpingo kuti ayese okha. Bambowo anazengereza, kenaka anawerama n'kunong'ona. Akazi awo, amene anali ataima kutali mbali inayo, analumpha n'kugwira khutu, chifukwa mawu a amuna awo anawatulukira pambali akufunsa kuti, "Mayi a kunyumba, ndiwo zapsa?" Anthu anaphulika kuseka, ndipo amene anaima patali aja anayamba kusendera.

Pomaliza achimwene anagwetsa chidole chimodzi pansi, n'kumasula mabatani a jekete. Udzu unatuluka, ndi nsanza zimene amayi ena anazizindikira kuti ndi zotsala za madiresi awo. Anagwada pafupi ndi kamtsikana kaja n'kukauza kuti kasolole kokha. Poyamba kanabisa nkhope kumsana kwa mayi ake. Kenaka kanatsika, kanasolola udzu umodzi, kenanso wina, mpaka kanayamba kuzula ndi manja onse awiri. Sikanaseke tsiku limenelo, koma kanakana kusiya chipewa cha kalalikiyo, ndipo kanapita nacho kwawo. Mayi ake anadzandiuza pambuyo pake, atabweretsa nsalu yoti ndisoke, kuti mwana wayambanso kugona ndipo chipewacho akuveka mphaka.

A mkulu wa mpingo ananena pamaso pa onse kuti iwo aona nsungwi, udzu ndi nzeru basi, koma ana aang'ono asamalowe. Si onse amene anakhutira. Alipo mpaka lero amene amati zenizenizo anazibisa tsikulo lisanafike, ndipo mayi mmodzi amene ndinkamusokera zaka zambiri sanabwerenso.

Mwini malo atawalola, achimwene anagwetsa zonse n'kuyambiranso. Pakhomo anazikapo nsungwi yoyezera msinkhu, wosafikapo ankabwezedwa ngakhale bambo ake atachonderera bwanji. M'mbali anaikamo timakomo tomangidwa kansalu koyera, kuti amene zamukwana angokankha n'kupezeka panja. Gulu lililonse likalowa, munthu wathu mmodzi ankalitsatira mwakachetechete kuti pasatsale wina. Tinjira tonse anatisintha, zakale zimene anthu anaziona sanabwerezeko ngakhale chimodzi kupatula akalaliki, ndipo nawonso sankakhalanso pamipando. Ambiri amati chachiwirichi chinaposa choyamba. Anthu amene anaona udzu ndi maso awo ankalowa akudzitama kuti akudziwa zonse, n'kutuluka akuthamanga ngati ena onse. Kuyambira chaka chimenecho achimwene amamanga chilimwe chilichonse fodya akangochoka, ndipo amamanga zatsopano, sabwereza.

Chaka choyambacho chimene chinatitseketsa ndi mvula. Masana ena mitambo inadza kuchokera cha ku Zambia, mphepo n'kuyamba kukupiza ziguduli, ndipo denga lakale lija linayamba kudontha paliponse. Tinathamangira kupulumutsa zimene tingathe. Achimwene anati zidole zikasungidwe kwanga, m'chipinda chimene ndimaikamo mtedza. Wa kabaza anakhazika kalaliki mmodzi pa kaliyala ya njinga yake, anamumanga ndi mphira m'chiuno, kumuveka chipewa, n'kuyamba kukankha chifukwa cha matope. Ine ndi achimwene tinkatsatira pambuyo titasenza mitolo ya ziguduli zonyowa.

Titayandikira pamsika tinakumana ndi agogo ena aakazi atafunda pulasitiki kumutu. Anapatuka m'njira, anapinda bondo pang'ono, n'kupereka moni kwa wokwera njingayo.

"Mwaswera bwanji, abambo?"

Njinga inadutsa. Agogowo anaiyang'ana mpaka inakhota, kenaka anatembenukira kwa ife n'kupukusa mutu.

"Anthu apantchito a masiku ano kunyada," anatero.

Achimwene anayankha moniwo mwaulemu m'malo mwa kalaliki wawo, n'kupepesa kuti bwanayo sakupeza bwino. Anadzigwira mpaka agogowo anapita patali. Kenaka mtolo unagwera m'matope, iwo n'kukhala pamwamba pake akuseka, mvula ikuwakhuthukira pamutu, ndipo ndinachita kuwakoka dzanja kuti tizipita.